Dayi akuthawa pansalu ndikangochapa, ndipange bwanji?

NaJere_Telala

Mwaswera bwanji nonse muno. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde ku Ndirande, ndipo amene mumasoka mukudziwa mmene tizidutswa ta zitenje timachulukira, makasitomala satenga zotsala zawo nde pano masaka angodzadza kuseri kwa chitseko mpaka abambo akunyumba ayamba kudandaula kuti tikuweta makoswe. Ndakhala ndikupangira madowamati ndi tizikwama ta ana asukulu koma zanditopetsa, pano ndikufuna ndipange chinthu china, nsalu yaikulu yokoloweka pakhoma, chithunzi cha amayi atatu akuchokera kotunga madzi, kumbuyo kwawo phiri la Ndirande dzuwa likulowa. Zovala za amayiwo, maduku ndi ndowa zonse zikhala zidutswa za zitenje, pamenepo palibe vuto. Vuto lili pathambo. Ndikufuna liyambe olenji mmunsi pafupi ndi phiri nkumasintha pang'onopang'ono mpaka buluu mmwamba, ndipo chitenje chotero mulibe mumsika, nde ndinati ndidaye ndekha.

Ndinagula bedishiti yoyera pakaunjika, dayi wa mtimapaketi uja amagulitsa mumsika, ndinawiritsa madzi nkuthira mchere wambiri monga anandiuzira wogulitsayo. Ili yonyowa inali bho kwabasi. Itauma inatuwa, nditachapa madzi onse mubeseni buluu yekhayekha, ndipo kachidutswa koyera komwe ndinasokererapo pongoyesa kasanduka kamtundu wosadziwika. Pakati pomwe olenji anakumana ndi buluu panatuluka bulauni wonyansa.

Nde akuluakulu ndithandizeni, vuto ndi dayi, mchere unachepa kapena ndi nsaluyo? Ena akuti ndithire viniga. Komanso ndaona pa Facebook ena amajambula mizere yoyera pansalu yodaya, ine ndikufuna mitambo yoyera pathambopo, amapanga bwanji? Ndipo zonse zikatheka ndisoke bwanji kuti ikakolowekedwa isamalendewere mokhota, chifukwa zigamba zimakokana, dowamati ilibe kanthu koma chapakhoma aliyense amachiona.

MaiTayiDayi

Achemwali musanataye ndalama ina pa dayi yambani mwadziwa kaye kuti nsaluyo ndi yamtundu wanji. Dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi pulayala muli panja, yatsani machesi. Kotoni weniweni amayaka msanga, fungo lake la pepala lopsa, ndipo phulusa lake ndi lotuwa lofewa loti mukalifikisa ndi zala limangotha. Poliyesita amakwinyika kuthawa moto, amasungunuka, utsi wakuda, kumapeto kumatsala kampira kolimba. Mabedishiti ambiri apakaunjika ndi osakaniza, mukaona kalebulo kamalembedwa 50/50 kapena 65 poliyesita 35 kotoni, nde dayi amagwira ulusi wa kotoni wokhawo, winawo umakhalabe woyera, nchifukwa chake nsalu imaoneka yotuwa olo muthire mapaketi khumi. Poliyesita ali ndi dayi wakewake yemwe kufakitale amamuphika mpaka madigiri 130, pambaula simungafikepo. Funani bedishiti yolembedwa 100% kotoni kapena mugule bafuta basi.

Chachiwiri, mchere sumanga dayi. Izi anthu amanamizana kwambiri mumsika. Ntchito ya mchere nkukankha dayi kuti achoke mmadzi apite pansalu, koma kumumangirira kuti asachokenso ayi. Viniga nayenso ndi wa siliki ndi ubweya, pa kotoni mungoononga viniga wanu wothira pa tchipisi. Dayi wa mtimapaketi kawirikawiri ndi uja amangokakamira pamwamba pa ulusi, amachoka pang'onopang'ono kuchapa kulikonse mpaka kalekale. Amene mukufuna inu ndi reactive, ambiri amamudziwa ndi dzina loti Procion MX, anayamba kupangidwa ndi kampani ya ICI ku Britain mu 1956. Ameneyu amalumikizana ndi ulusi wa kotoni nkukhala chinthu chimodzi, safuna kuwiritsa, koma sagwira popanda soda ash. Soda ash si soda wathu wothira mu thelele uja, uyo ndi wofooka. Mumamupeza kumashopu ogulitsa mankhwala a mmaswimingi pulu kapena ogulitsa zopangira sopo. Akasowa tengani soda wophikira yemweyo mumuike mu uvuni wotentha madigiri 200 kwa ola limodzi, kapena mumukazinge mupoto wouma mukutakasa, amasanduka soda ash, muona wapepuka ndipo wasiya kunyezimira.

Ine ndimapanga chonchi. Nsalu yatsopano ndimayamba ndaiwiritsa ndi sopo ndi kasoda ash pang'ono, chifukwa bafuta amabwera ndi stachi yakufakitale yomwe imatchinga dayi, mukapanda kutero mumapeza mawangamawanga. Kenako kapu imodzi ya soda ash mu malita 4 amadzi ofunda, nsalu ikhalemo mphindi 20, finyani koma musatsukuluze. Dayi ndimasungunula payekha, matiyisupuni awiri mpaka anayi pakapu yamadzi ofunda kutengera kuti mukufuna mtundu wowala bwanji. Pathambo lanulo musanyike mundowa ayi, yalani pulasitiki pansi, yalanipo nsalu ili yonyowa, muzipaka ndi kasiponji.

Bulauni munamuonayo si ngozi, olenji ndi buluu akakumana amabereka bulauni nthawi zonse. Musawakumanitse. Mmunsi chikasu, kenako olenji, kenako pinki, pinkiyo ndi amene akakumane ndi buluu, pamenepo patuluka pepo wokongola yemwe ndi mtundu weniweni wa thambo lamadzulo. Pokumana mitundu muzisisita ndi dzanja la golovesi kuti mzere usaoneke. Mukamaliza phimbani ndi pulasitiki ina kuti isaume, ikhale choncho maola 24 pamalo ofunda. Ikauma msanga dayi amasiya kugwira. Kuno ku Zomba mu Juni ndi Julayi ndimachita kuika padzuwa nditaphimba ndi pulasitiki yakuda apo bii mitundu imatuluka yofooka, makamaka buluu wowala uja.

Potsuka yambani ndi madzi ozizira mpaka soda achoke, kenako madzi otentha kwambiri ndi sopo kawiri katatu. Madzi atuluka amtundu, musaope, ameneyo ndi dayi wotsala yemwe sanapeze malo. Kuti mudziwe kuti yatheka ikani nsalu ili yonyowa pakati pa nsalu ziwiri zoyera musite ndi simbi yotentha, zoyerazo zikatuluka zoyera basi mwamaliza. Zidutswa za zitenje zanuzo muziyesenso chimodzimodzi musanasoke, makamaka zofiira ndi zakuda, zina zimachucha moti zingakuonongereni thambo lonse tsiku loyamba kuchapa.

Ndipo pliz ufa wa dayi musamaupume, valani masiki posungunula, magolovesi mmanja, ndipo poto ndi masupuni adayi asabwererenso kukhitchini.

Chimwene_wa_Bangwe

Kkkkk koma a MaiTayiDayi mwatsegula sukulu yaulere apa. Ine sindisoka, ndimangowerenga, koma funso langa ndi loti ngati nkhani ndi soda, chidulo sichingagwire? Agogo anga amachita kutcheza cha zitsononkho champhamvu moti thelele limafewa kamodzinkamodzi. Nanga tizikagula zakuswimingi pulu ife oti swimingi pulu timangoiona pa TV?

Mwana_wa_Katete

Zikomo amai a ku Ndirande, ine ndiyankheko za mitambo yoyera. Njira yodziwika ndi batiki wa phula, mumasungunula makandulo kusakaniza ndi phula la njuchi nkumapaka pomwe simukufuna dayi afike. Kandulo yekha amasweka kwambiri, phula la njuchi ndi lomwe limafewetsa. Koma ine sindingakulimbikitseni poyamba, phula lotentha pambaula pakhonde pali ana ndi ngozi, limagwira moto mosavuta ndipo likayaka simuthira madzi, komanso kulichotsa pansalu ndi chintchito, kuwiritsa, kusita pakati pa manyuzipepala, koma nsalu imakhalabe youma gwa ndipo singano imavutika.

Gwiritsani ntchito phala. Inde phala lenilenilo. Ku Zimbabwe amati sadza batik, ndipo amagulitsa kwa alendo nsalu zambirimbiri zapatebulo ndi zapakhoma zopangidwa choncho. Kuno kwathu ku Zambia ku Eastern Province mukapita ku Mfuwe pafupi ndi South Luangwa kuli a Tribal Textiles, akhala akupanga zimenezi kuyambira mma 1990, amajambula ndi phala la fulawa pa kotoni, kuyanika padzuwa, kupaka mitundu ndi manja, kuotcha mu uvuni kuti penti agwire kenako nkuchapa phala lija, pomwe panali phala pamatsala mizere yoyera. Ndinakaonako ndi maso anga, matebulo ataliatali anthu ali kalikiliki ndi maburashi, nsalu zili mbwee padzuwa.

Panyumba mumatenga fulawa wa tirigu kusakaniza ndi madzi ozizira, kapena ufa woyera wosefa bwino nkuphika kaphala kosalala kopanda mibulu, kulimba kwake ngati phala la mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Mgaiwa ayi, madeya amatseka kabowo. Thirani mubotolo la pulasitiki lomwe mwaboola chitsekerero ndi msomali wotentha, nde mumangofinya nkumajambula. Nsalu muikhomere pa bolodi ndi mapini chifukwa phala likamauma limakoka nsalu nkuikwinya. Liume gwa, tsiku lathunthu kapena awiri. Likauma mukafuna timing'alu tija timakongoletsa batiki mumangoipinda nsalu pang'ono phala nkusweka, mtundu umalowa mming'alumo. Kwa mitambo ndinganene kuti pakani phala ndi kasiponji mosalinganiza, pena lochindikala pena lopyapyala, kuti mmphepete musakhale mzere wakuthwa, mtambo sukhala ndi boda.

Chimodzi chokha, nsalu ya phala simunyika mundowa nkuisiya, phala lisungunuka. Mumapaka pamwamba ndi burashi, ndipo dayi wa a MaiTayiDayi ngati ndi wamadzimadzi kwambiri amalowa pansi pa phala, nde ambiri amagwiritsa penti wa nsalu amene amagwira ndi simbi. Kuipa kwa penti nkoti nsalu imalimbako pang'ono. Ngati mukufunabe dayi ndiye nsalu muinyike mu soda ash kaye, iume, mupake phala, liume, kenako dayi wokhuthala pang'ono ndipo musamubwerezebwereze pamalo amodzi.

A Yoruba ku Nigeria, ku Abeokuta ndi Ibadan, ali ndi yawo amati adire eleko, phala lake ndi la chinangwa, amajambula ndi nthenga ya nkhuku kapena kupaka kudzera pa lata lobooledwa mapatani. Iwo amanyika ndithu mu indigo, dayi wabuluu wochokera kumasamba, koma mwachangu, kuviika nkutulutsa, kuyanika, kuviikanso, chifukwa indigo amagwira akakumana ndi mpweya, nsalu imatuluka mumtsuko ili yobiriwira nkumasanduka buluu mukuona. Nde amene muli ndi ufa wa kondowole yesaniko, umamata kuposa wa chimanga. Mungosamala poyanika, nkhuku ndi mbuzi sizidziwa kuti ndi luso, zimangoona chakudya.

NaJere_Telala

Mayi a ku Zomba mwalasa. Ndaotcha kachidutswa kaja pompano, kakwinyika nkusiya kampira kakuda kolimba, fungo la pulasitiki lokhalokha. Ndapezanso kalebulo kumsoko, 65 poliyesita. Nde ndimalimbana ndi mchere chonsecho nsalu ndi imene inakana kalekale. Ndaotchanso tizidutswa tina ta zitenje mmasaka muja, tambiri totchipa tija nato tikusungunuka, kusonyeza kuti masiku ano tikuvala pulasitiki eti. Loweruka ndilowa mu Limbe kukasaka bafuta ndi soda ash. Achimwene a ku Katete za phala zandisangalatsa, ufa ulipo, botolo lilipo. Tsopano za kasokedwe ndani andithandize?

AntiGrace_Leeds

NaJere mwana wakwathu, za kasokedwe ndiyankhe ine. Ndili kuno ku Leeds, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo tsiku langa lopuma ndimapita kukagulu ka azimayi osoka ma quilt, zofunda za zigamba zosanjikiza, kuholo ya tchalitchi. Ndinalowa chifukwa chosowa ocheza nawo nthawi yozizira koma pano ndazama.

Chomwe mukufuna kupangacho chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikiza. Pamwamba chithunzi chanucho, pakati kanthu kofewa, pansi nsalu yolimba ya kotoni. Kuno apakatipo amagulitsa pamita koma inu musavutike, kabulangeti kopyapyala ka ana kapakaunjika kapena bedishiti ya fulanelo ikwana, chachikulu muichape kaye ndi madzi otentha ifupikiretu. Siponji yochindikala ija ya maduveti ayi, chapakhoma chimafuna kugona fulati. Kusoka kodutsa nsalu zitatu zonsezo ndi kumene kumagwira chinthu chonse kuti chisalendewere, ndipo ulusiwo umajambulanso pawokha. Pathambo mutha kuyendetsa mizere yopingasa yoweyuka pang'ono, paphiri mizere yotsata mapindikidwe a miyala, pamsewu timizere tifupitifupi.

Kukhota kumene mukuopako kumabwera pazifukwa zodziwika. Zidutswa zodulidwa mopingasa ulusi zimatamuka, nde musazilumikize zokhazokha, zigonekeni pamwamba pa nsalu imodzi yathunthu, yomwe ndi thambo lanu lodaya lija, ndipo nsaluyo idulidwe motsata ulusi. Zigwiritseni ndi kaguluu ka ana asukulu kamtengo kaja pang'ono chabe kapena mapini, kenako zigizagi mmphepete, makina anu akakhala opanda zigizagi pindani mphepete musoke ndi manja. Mukasanjikiza zitatu zija yalani pansi posalala, shulani ndi ulusi wautaliutali kuyambira pakati kupita kunja, mizere yotalikana ngati chikhatho, ndipo posoka penipeni yambaninso pakati. Mukayambira mmphepete nsalu imasonkhana pakati nkupanga chithumba chomwe simbi singachithetse. China, kusoka kukhale kofanana kuchuluka kwake paliponse. Mukasoka mothithikana pa amayiwo nkusiya thambo lopanda kanthu, pothithikanapo pamafupika, thambo nkumachita mafunde. Pomaliza inyowetseni pang'ono, ikokeni makona akhale sikweya, khomani mapini iume choncho, kenako dulani mphepete nkuika bayindingi, kansalu kokutira mphepetezo. Kumbuyo mmwamba sokererani kathumba kautali kolowetsamo kathabwa kapena nsungwi yowongoka, musakoloweke ndi misomali pamakona. Ndipo khoma lake lisakhale loombedwa dzuwa, olo dayi wabwino bwanji dzuwa limadya.

Tsopano langa ndi ili, musalimbane kwambiri nkuti zonse zikhale zowongoka ngati yunifolomu. Azimayi akuno ena amayeza ndi rula mpaka kamilimita, zinthu zake zimatuluka zaukhondo koma zozizira, sizikuyankhula. Sakani pa intaneti Gee's Bend. Ndi kamudzi ka ku Alabama ku America, anthu akuda, zidzukulu za akapolo omwe ankalima thonje pamalo omwewo. Azimayi akumeneko ankasoka zofunda ndi mathalauza akuntchito akutha, majini osuluka mmaondo, masaka, chilichonse, chifukwa nyumba zinali zozizira ndipo ndalama panalibe. Mizere yake yokhota, zigamba zosalingana. Mu 2002 zinaonetsedwa ku Museum of Fine Arts ku Houston kenako ku Whitney ku New York, anthu anazizwa, pofika 2006 zinali pa masitampa a positi a dziko la America. Mukaziona bwino muona kuti kukhotako sikuti samadziwa kusoka, diso lawo limadziwa pomwe pakufunika kachigamba kofiira kamodzi pakati pa buluu yense uja.

Ndipo tili naye wathu, Billie Zangewa, anabadwira mu Blantyre momwemo mu 1973, anakulira ku Botswana, pano amakhala ku Johannesburg. Amadula tizidutswa ta siliki nkusoka ndi manja zithunzi za moyo wapanyumba, iye ali kukhitchini, mwana wake, munthu atagona pasofa, ndipo ntchito zake zimaonetsedwa mmagalare akuluakulu ku New York, Paris ndi London. Zambiri mphepete mwake simowongoka, pena kona yonse palibe, anachita kusiya dala, ulusi nkumaoneka. Nde amayi anu atatu otunga madziwo musawaderere kuti ndi nkhani yaing'ono. Ndingopempha kuti nkhope musazijambule ndi peni, dulani nsalu yabulauni mitundu iwiri, wowala mbali yomwe kukuchokera dzuwa, woderako mbali inayo, maso ndi mphuno olo osaika, munthu amadziwika ndi kaimidwe ndi mmene wasenzera ndowa.

MadalaSinger

Ndawerenga zonse. Ine ndasoka zaka zambiri kuposa ena muno mmene akhalira ndi moyo, nde mundilole nditsutseko pang'ono. Mayi a ku Leeds, za ku New York zo nzabwino kumva koma mwana uyu ali pakhonde ku Ndirande. Chinthu chimenechi chimudyera masabata, nthawi yomweyo akanasoka mayunifolomu angati? Akamaliza abwera munthu nkunena kuti ndi zigamba izi, zotsala za anthu, ndikupatsa ya dowamati. Ndaziona. Anthu athu chinthu cha zigamba amachiona ngati chaumphawi, ogula ndi alendo ndi malodji akunyanja, ndipo alendowo amafuna chaching'ono cholowa musutikesi. Nde NaJere langizo langa yamba ndi kakang'ono, theka la mita, uphunzirirepo dayi ndi phala, ukalakwitsa sulira. Chachikulucho upange chako chapanyumba mosathamanga, madzulo ntchito za makasitomala zikatha.

Chinanso bwanji nonse mukuthamangira zamushopu? Phiri la Ndirande si buluu kapena pinki, ndi lotuwa ndi bulauni, ndipo mitundu imeneyo ili pabwalo pomwepo. Makungwa a m'bawa mukawiritsa amapereka bulauni wofiirira. Mlombwa utomoni wake ndi wofiira ndipo ukadontha pamalaya suchoka, funsani akalipentala. Makoko a anyezi chikasu, nthanga za mapeyala pinki wofatsa, masamba a tiyi bulauni. Ndipo mukatenga misomali yadzimbiri nkuisiya mubotolo la madzi ndi viniga sabata imodzi kapena awiri, madzi amenewo mukapaka pansalu yomwe yanyikidwa mu tiyi kapena makungwa pamada nthawi yomweyo, kuchoka pa bulauni kufika potuwa mpaka kuda. Ku Mali a Bamana nsalu yawo yotchuka ija ya bogolan ndi nzeru yomweyi, amanyika nsalu mmadzi a masamba isanduke yachikasu, kenako amajambula ndi matope omwe awasunga mumtsuko nthawi yaitali, chitsulo cha mmatopemo chikakumana ndi madzi amasamba aja pamada, akachapa matope amachoka koma kuda kumatsala. Matope akuda akudambo kwathu kuno bwanji osayesa? Kungoti madzi amisomaliwo musachulutse, amadya nsalu pakapita zaka. Ndipo makungwa tolani kwa ocheka matabwa, osakasenda mtengo wamoyo, mitengo yatha kale mphiri limenelo.

AntiGrace_Leeds

Madala pa zoyamba ndi kakang'ono ndavomera ndi manja awiri. Koma zoti zigamba ndi umphawi ndiye tizisinthe ife tomwe, wogula amatengera mmene mwini wake akuchigwirira. Ukachiunjika pansi pamodzi ndi madowamati ndi dowamati, ukachikoloweka bwino pa nsungwi, kumbuyo utasokerera kansalu kolemba dzina lako ndi chaka, mtengo wake ndi wina. NaJere lembani maola omwe mwagwira mukabuku, tsiku lotchula mtengo mudzayambire pamenepo.

MaiTayiDayi

Achimwene a ku Bangwe sindinakuiwaleni. Chidulo funso lanu si lopusa, madzi aphulusa ali mgulu lomwelo ndi soda ash ndipo odaya akale ku West Africa mitsuko yawo ya indigo amaikonza ndi madzi aphulusa. Vuto nkuti mphamvu yake siidziwika, cha lero champhamvu cha mawa chofooka kutengera zomwe mwaotcha ndi madzi omwe mwathira, nde pa kansalu koyesera yesani, koma pa mita ziwiri za bafuta ndi dayi wodula ine sindingaike moyo pachiswe. Soda wophikira wokazinga uja ndi wotchipa kale.

A Madala zamakungwa ndi zoona ndipo phiri lingakongole nazo, bulauni wa makungwa ndi wakuda wa misomali amakhalitsa. Koma anyezi ndi mapeyala pa kotoni amasuluka msanga ngati nsalu simunaikonze kaye ndi alamu, mankhwala othandiza mtundu kugwira, ndipo manjano aja othira mumpunga musayese nkomwe, chikasu chake chimakopa tsiku loyamba, pakatha mwezi pakhoma palibe. Komanso chidutswa cha makungwa muchidaye pachokha nkudzachisokerera, chisakumane ndi soda ash wa thambo chifukwa mtundu umasintha.

NaJere mukapita kukagula dayi mufunse bwinobwino, chifukwa amayi ambiri a tayi eni dayi mtauni amagwiritsa mtundu wina wa vat, uja amasakaniza ndi kositiki soda ndi mankhwala a ufa otchedwa hayidirosi. Ameneyo amagwiranso kwambiri pa kotoni koma ndi wonyika, sangakupatseni thambo losintha pang'onopang'ono lopaka ndi siponji, ndipo kositiki amaotcha khungu, fungo la hayidirosi nalo simungapangire mnyumba. Akakuuzani kuti mugulenso kositiki dziwani kuti akupatsani wa vat. Wanu ndi wa soda ash. Gulani mitundu itatu yokha, chikasu, pinki wowala ndi buluu, olenji mupanga nokha posakaniza chikasu chambiri ndi kapinki pang'ono. Ndipo dayi akangokhudzana ndi soda ash amayamba kufa, pakatha ola limodzi kapena awiri mphamvu yatha, nde siponji yomwe yakhudza nsalu musamaibwezere mubotolo lalikulu, muzithira pang'ono pang'ono mukambale. Dulani tizidutswa tinayi ta bafuta yemweyo muyambe mwayesa mitundu, mulembe muyeso uliwonse, chifukwa yonyowa imaoneka yakuda kuposa mmene idzakhalire ikauma. Mukapanga tiponyereni chithunzi muno tione pomwe pinki wakumana ndi buluu.